Mpeni wa Ambuye Sandalamu ndi Mpira Wopanda Mtengo

Ambuye Sandalamu atamwalira mwezi wathawu, sitinayambe kulira msanga. Iwo eni anali atalamula kale kuti pasamveke mfuu mpaka munthu ataika nthenga ya nkhuku pamphuno pawo, kenaka munthu wina, wa banja lina, aikenso yake, ya nkhuku ina. Ankati munthu mmodzi akhoza kukhala ndi chifukwa chofunira kuti iwo afe, ndipo nkhuku imodzi ikhoza kukhala ndi nthenga zaulesi. Ndiye amayi anakhala pakhonde kudikira nthenga yachiwiri. Itakana kugwedezeka, akazi a Ambuye, a Nangondo, anati, "Lirani tsopano. Koma pang'onopang'ono, angadzuke n'kuyamba kufunsa kuti akulira zoona ndani."

Ine ndine mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi, uja amaphunzira kumtunda kusukulu yaikulu ya mishoni. Pamaliropo anthu ankandiyang'ana cham'mbali, chifukwa mudzi wonse ukudziwa kuti amene anawalanda mpeni ndine. Mayi wina anandinong'oneza kuti ndipepese mtembo usanatuluke m'nyumba. Sindinapepese. Mumve nkhani yonse, kenaka mundiuze ngati woyenera kupepesa ndine.

Dzina lawo la pabwalo linali Dulapakati. Chilichonse cholowa m'manja mwawo ankayamba achidula pakati. Mukawapatsa dzungu, lidulidwe inu muli pomwepo. Mtanda wa sopo, pakati. Fodya wopota wa mphatso, pakati. Mbusa wa ku mishoni anawapatsapo kandulo, iwo n'kuidula kuti aone ngati chingwe chikufikadi kunsi kapena anangochisomeka kumwamba kokha. Ankati kunja kwa chinthu n'kwa wogulitsa, m'kati ndiye mwa wogula. Mowa sankamwa mwini wake asanamwe, ndipo akamwa ankadikirabe kanthawi akumuyang'ana m'maso. Munthu akawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, ankadzuka kukazungulira khola la mbuzi.

Mmwenye wina wa sitolo ku Chiromo anawaonetsapo chipeso choyera, nati n'cha mnyanga wa njovu. Kudula anawakaniza. Iwo anatola khala m'kaliwo wawo n'kukhudzitsa dzino limodzi la chipesocho, ndipo chonse chinangoti lawi buu, ngati udzu wa m'chilimwe. Anatuluka m'sitolomo akuuza aliyense kuti njovu imeneyo inkamwa palafini. Sanaloledwenso kulowamo, ndipo ankati chimenecho ndiye chitsimikizo.

Ntchito yawo inali mpira. Anzanga a kumtunda amayesa kuti mpira umabadwira ku matayala a njinga, choncho ndifotokoze. Kumapiri a kumadzulo kwa mudzi wathu kuli zingwe zikuluzikulu zoyanga m'mitengo. Ukatema khungwa lake pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Umauwola ndi chala n'kuupaka pamkono pomwe wanyowetsa ndi madzi amchere. Ukauma umaufikisa mpaka ukhale kambulu, ndipo kambuluko umakagudubuza pabala la chingwe, utomoni n'kumakulungika ngati ulusi, mpaka upeze mbulu wofanana ndi lalanje. Ntchito imeneyi imadya cheya. Mikono ya Ambuye inali yosalala ngati ya khanda, ndipo khungu litayamba kusupuka anasamukira pachifuwa, pomwe panali cheya choyera mbuu. Wopaka pachifuwa m'mudzi monse anali iwo okha. Tili ana tinkawatsatira kuphiri kuti tikangomva mmene amatukwanira pomatula.

Kudula kunayamba ndi chikoti. Ali mnyamata anasenza mpira wa mudzi wonse kupita kwa mzungu wogula ku Chiromo. Kapitawo wa mzunguyo anatola mbulu umodzi, naudula, mwala n'kugwa pansi, kho! Anawagoneka padooko pomwepo, amayi otunga madzi akuona, n'kuwakwapula ndi chikoti cha mvuu. Mbuluwo sunali wawo. Palibe anaona amene anaika mwalawo, koma Ambuye ankati kakulungidwe kake kanali ka munthu wamanzere, ndipo wamanzere m'mudzi anali mmodzi yekha: a Bizeki, mlamu wawo, amene anabwera kuchokera kunsi kwa Apwitikizi n'kukwatira mlongo wawo. A Bizeki akhala akukana kwa zaka zonsezi, akuloza kumwamba ndi dzanja lamanzere lomwelo.

Kuyambira tsiku la chikotilo, mbulu uliwonse wa m'mudzi usanapite ku Chiromo unkayamba wagona pachipika cha Ambuye pansi pa mtondo, n'kudulidwa pakati. Palibe anawasankha. Anangokhala pansi ndi mpeni, nalumbira kuti adzadula mpaka tsiku lawo lakufa, ndipo amene sakufuna akasenze yekha, akakwapulidwe yekha. Mzungu uja anafika posiya kudula mpira wa kwathu. Koma musayese kuti anthu ankawathokoza. Munthu amene amakufufuza tsiku ndi tsiku sumukonda, ngakhale usanabe kanthu. Pamowa ankakhala okha. Kuukwati ankaitanidwa mochedwa.

Tsopano za ine. Chaka chathachi mphunzitsi wathu anatiuza zimene anawerenga m'nyuzipepala ya kwawo: kuti pankhondo ija, Ajeremani atatsekeredwa njira za panyanja, anayamba kupanga mpira popanda mtengo. Ndinabwera nayo nkhaniyi patchuthi ili yotentha, ndipo ndinaitula pansi pa mtondo anthu ali pamzere ndi mibulu yawo.

"Amatenga madzi ena opyapyala onga palafini," ndinatero, "n'kuwatsekera m'migolo, n'kuika pofunda miyezi ingapo. Akatsegula amapeza mpira."

"Amathiramo chiyani?" anafunsa Ambuye osadzutsa mutu.

"Palibe. Ndiye kukoma kwake kumeneko. M'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono, kalikonse kali pakokha, kapinda manja. Kamodzi kakatambasula dzanja kamagwira kanzake, kanzakeko n'kugwira kena, kenako kena, mpaka chingwe chachitali. Zingwezo zikachuluka n'kupiringizana, madzi aja asanduka mpira. Sipalowa kanthu, sipatuluka kanthu. Kulemera kwake n'komwe kuja."

"Tinthu timeneto iwe unationa?"

"Sitioneka ndi maso, Ambuye."

"Mphunzitsi wakoyo anationa?"

"Ayi."

"Jeremani?"

"Naye ayi."

"Ndiye tinauza ndani kuti tagwirana manja?" Anthu anaseka. Iwo anandiloza ndi mpeni. "Tamvera, iwe kalaliki wopanda ofesi. Zinthu zogwirana manja m'malo otseka, popanda ng'oma, popanda woona, kwathu kuno timazitcha mfiti. Bambo ako akugulitsa mbuzi kuti ukaphunzire zimenezo?"

"Ndikapanga pompano mutani?"

Ndinangolankhula, pakamwa pathamanga. Koma a Bizeki, amene anali pamzerepo, anadumphira mawuwo ngati galu pafupa. "Pyadidi, zabwino zimenezo! Yankhani, alamu. Mwanayu akapanga, mutani?"

Ambuye anayang'ana a Bizeki, kenaka ine, nthawi yaitali. "Ukandionetsa mpira wosachokera kuchingwe, ndikaudula n'kulephera kuutsutsa, mpeni uwu ndi wako. Sindidzadulanso kanthu, ngakhale papaya."

"Mwamva nonse!" anakuwa a Bizeki. "Nkhabe, palibe kubweza mawu!"

Madzi a Jeremani ndinalibe, ndithu. Ndinali ndi madzi a m'Shire osefa pansalu, kapalafini ka m'nyali ya amayi, ndi kachasu pang'ono wa fungo. Mawa lake ndinathira zimenezi m'kamphika, anthu akuona. Ambuye ananunkhiza, naviika chala, nalawa, nalavula. Anatseka okha ndi phale, namata phula, namanga luzi mfundo yawoyawo ija yomwe ankati palibe angaimasule n'kuibwezera. Kenaka anakanyamula kamphikako m'dzanja, kukakweza ndi kukatsitsa, maso ali tsinzi. Pamenepo ndinadzitukwana chamumtima. Ndinanena ndekha kuti kulemera sikusintha, ndipo iwo anali akusunga kulemerako m'dzanja. Anakapachika pamtondo, padzuwa, poonekera aliyense, kuti kakhale masabata anayi.

Za mfundoyo ndinalibe nazo nkhawa. Ndinaiphunzira ndili ndi zaka khumi pachipanda chawo cha uchi, ndipo uchiwo unkatha iwo akuimba mlandu nyerere.

Sabata lachitatu, masana ena dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amafuna mthunzi, mudzi wonse uli kudimba, a Nangondo akuwodzera pakhonde, ndinalowa m'nyumba mwawo. Mibulu ya Ambuye inkakhala pansanja pamwamba pa moto. Ndinatengapo iwiri. Bwanji yawo, osati ya wina? Chifukwa ndiyo yokha m'mudzi yomwe ndinkadziwa kuti mulibe mchenga. Komanso, ndisaname, kunamiza munthu ndi katundu wake yemwe kumakoma kawiri.

Ndinaiwiritsa kuseri kwa bango mpaka kufewa, n'kuikanda ngati dongo kuti ulusi wa kakulungidwe usaoneke. Ndinakhala pansi ndi munga wa msangu kuzula cheya chimodzichimodzi, kukanda, kuzulanso, mpaka maso kuwawa. Ndinatsitsa kamphika, kuyesa kulemera kwake pakandodo ndi mwala mbali inayo, kutaya madzi, kukanikiziramo mpira mpaka kandodo katalingana, kupaka palafini pamwamba kuti pazinunkha, phale, phula, mfundo. Mphunzitsi wanga akanaona kusamala kumeneko akanandipatsa mphotho.

Tsiku lotsegula kunabwera anthu ngakhale a midzi ina. A Bizeki anavala jekete. Ambuye anatsitsa kamphika, nayang'ana mfundo kutsogolo ndi kumbuyo, nakanyamula m'dzanja monga kale, maso ali tsinzi. Anakaswa ndi msana wa mpeni, ndipo pachipika panagubuduka chimpira chakuda, chooneka ngati m'kati mwa mphika, chonunkha nyali.

Amayi ena anabwerera m'mbuyo. Wina anati, "Mayo ine, mwanayu!"

Ambuye anachikanikiza ndi chala. Anachiluma. Anachikoka n'kuchisiya kuti chibwerere. Anachimenyetsa pansi, chinanjanja. Kenaka anachigoneka pachipika, napaka malovu kumpeni monga ankachitira, n'kudula pakati.

Anayang'ana chibenthu chimodzi kanthawi kochepa. Chinacho anachiyandikitsa kumaso, n'kutembenukira kudzuwa, n'kuchiyang'ana motalika kwambiri moti ndinamva thukuta likutsika kumsana mpaka m'kabudula. Ndinali nditasankha kale njira yothawira, ya kuseri kwa nkhokwe.

"Nanga, alamu?" anatero a Bizeki. "Mwapezamo mwala?"

"Mulibe mwala."

"Mchenga?"

"Mulibe."

"Ndiye?"

Ambuye anaponyera anthu chibenthu choyamba chija kuti agwire. Chachiwiricho analowetsa m'thumba la fodya. Anapukuta mpeni pantchafu, naugwira kunsonga, n'kundipatsira chigwiriro.

"Kalaliki," anatero, "tenga. Jeremani wako wandigonjetsa."

Sindikubisa, ndinavina. Ndinazungulira mtondo katatu mpeni uli m'mwamba. A Bizeki anandinyamula paphewa, munthu wamkulu ngati uja, akukuwa kuti Dulapakati wadulidwa pakati. Sabata lisanathe ndinali nditaululira anzanga kudooko mmene ndinachitira, chifukwa chinyengo chokoma chotero kuchisunga wekha n'kuchiwononga. Nkhani inafika ponseponse. Anthu anapita kwa Ambuye kukawauza kuti mwana wakunamizani, tengani mpeni wanu. Iwo ankangoti anadula okha, anaona okha, ndipo sakhulupirira mphekesera.

Kuvina kwanga kunatha Loweruka. M'mawa ndinamva a Nangondo akuitana pakhomo pathu. "Iwe, anthu akudikira kumtondo."

"Akudikira chiyani?"

"Mwini mpeni. Ukuyesa unapatsidwa wosendera mbatata?"

Ndinapeza mzere wa anthu ndi mibulu yawo, ndipo Ambuye atakhala pamkeka chapatali, miyendo atatambasula, akusuta ngati mlendo. Ndinawauza kuti ine ndinapambana mpeni, osati ntchito. Anayankha kuti sanaonepo munthu akupambana mbuzi n'kukana kuidyetsa. Osenza mpira ananenetsa kuti sapita ku Chiromo ndi mibulu yosadula, misana yawo si ya mvuu. Ndinakhala pachipika.

Woyamba pamzere anali a Bizeki, akumwetulira, akunditcha shamwali, ndiye kuti bwenzi m'chinenero chawo. Mbulu wawo unandikayikitsa usanafike n'komwe pachipika, chifukwa munthu amene wakandapo mpira kuti anamize mnzake amadziwa mmene mpira wokandidwa umaonekera. Ndinadula. Mpeni unalira, kwee! Kamwala kosalala ka kumtsinje kanagwa pakati pa mapazi anga.

Kumkeka kuja kunamveka kutsokomola, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali utsi.

"Nkhabe, ameneyu si wanga," anayamba a Bizeki, dzanja lamanzere lili m'mwamba.

Kuyambira tsiku limenelo a Bizeki sandipatsa moni. Patchuthi chilichonse ndimakhala pachipika, ndipo ndikapita kusukulu mibulu imandidikira pansanja. Ndapeza mchenga, makungwa, chinangwa chouma, ndi tsiku lina chigoba cha nkhono chodzaza dothi, chomwe ndinachiyamikira poyera chifukwa chinali nzeru. Anzanga aja ndinkaba nawo nzimbe amatsitsa mawu ndikamafika. Atsikana kudooko amanditcha Kadulapakati.

Ambuye ndiye ananenepa. Anayamba kuitanidwa pamowa. Kuphiri sanakwerenso, cheya cha pachifuwa chinameranso. Papaya ankadya ndi manja, akung'amba ngati nyani, kusunga lumbiro. Ndikamadula ankabwera kudzaonerera, n'kumauza eni mibulu kuti mwanayu ngwankhanza, iwo m'nthawi yawo sankachita chonchi.

Ndipamene ndinayamba kuwerenga zinthu chambuyo, ndipo sizinandikomere. Munthu amene ankadziwa mbulu wa wamanzere pongouyang'ana, n'kulephera kuzindikira mpira wake? Munthu amene ankazungulira khola chifukwa cha moni, mibulu iwiri n'kusowa pansanja pake iye osatsegula pakamwa? Ndinakumbukiranso kuti chaka chimenecho ankabwera kuchokera kuphiri dzuwa litapendeka, akukoka mwendo, kambulu kali kamodzi. Kuti podula ankayamba apapasa chipika. Kuti mtengo wa mpira pamsika unali utagwa, anthu akuthamangira thonje, ndipo otsala pamzere anali aja okonda miyala. Munthu wolumbira pamaso pa mudzi kuti adzadula mpaka kufa sangadzuke tsiku lina n'kunena kuti maso atopa. Koma akagonja pampikisano, ndani angamunene?

Ndinawafunsapo kamodzi, tili awiri. "Ambuye, tsiku lija munaonadi bwino?"

"Ukundikayikira?"

"Pang'ono."

"Wayamba kukula," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lometa litapita, a Nangondo anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa kaphukusi ka chikopa komangidwa luzi. "Anati ndikupatse nthenga yachiwiri ikakana, osati isanakane. Anatinso usavutike kudula, mfundoyo umaidziwa kuyambira pauchi."

Ndinamasula. Munali chibenthu chija cha mpira wa Jeremani, chitauma, fungo la palafini likadalipo. Pakati penipeni pomwe mpeni unadutsa panatuluka cheya chimodzi, chopotana, choyera mbuu.

"Anachiona tsiku lomwelo?" ndinafunsa.

"Kuchiona? Maso amenewo akanaona cheya? Anachimva ndi chala. Ndipo mibulu ija unaba masana aja ndinakuona ndine, sindinkagona. Nditawauza anati ndikusiye, akufuna aone ngati uli ndi mutu woyesa kulemera." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Tsiku lotsegula kamphika lija anabwera kunyumba akuseka okha. Anati m'mudzi muno wapezeka mmodzi wakuba mwaluso, ndipo mpeni sungapatsidwe kwa munthu woona mtima, angamunamize tsiku loyamba."

Ndiye uzani mayi uja wa pamaliro kuti sindipepesa. Ine ndinawanamiza masabata anayi. Iwo andimangirira pachipika moyo wanga wonse, ndipo anachoka osapepesa.

Mkeka wawo anaupsereza pamodzi ndi zovala. Pomwe unkayalidwa, chapatali ndi mtondo, dothi likadali losalala, ndipo pali kadzenje kakuda komwe ankagogodera phulusa la kaliwo. Nkhuku zayamba kusambapo fumbi. Chipika chili pomwe chinali, pamwamba pake pali chigwa chomwe mpeni unakumba zaka zonse zija, chakuya moti mvula ikagwa mumaima madzi. Pomwe ndimadula ine mabala a mpeni ali cham'mbali, osaya, osalunjika. Panthambi pakulendewerabe luzi lomwe linapachika kamphika, mfundo ili yomanga, ndipo sindikudziwanso ngati ndi yawo kapena yanga. Loweruka lapitali ndinadula mbulu wina n'kupezamo mchenga, ndipo ndisanaganize ndinatembenukira kumene kunkakhala mkeka, kudikira kutsokomola. Kunali nkhuku yokha, itapendeketsa mutu, ikundiyang'ana ndi diso limodzi ngati siikundikhulupirira.